Siling'i ya galimoto yakale: guluu uti, tepi iti, zomwe zingapirire dzuwa la ku Tete

Anzanga amene mukusunga magalimoto akale kuno kwathu, kaya ndi Peugeot 404 yomwe anasiya agogo, kaya ndi Land Rover ya Series ija, kaya Benz ya W123 yomwe munakaitenga ku Beira nkubwera nayo mwapang'onopang'ono, nkhani ya siling'i idzakupezani basi. Injini mwakonza, mabuleki ali bwino, penti mwapopera mpaka anthu akucheuka pa msewu, koma mukalowa mkati nsalu ya kudenga ikukusisitani pamutu, ina yalendewera mpaka kutseka galasi lakumbuyo. Nde funso limabwera lija lakuti ndigule guluu wanji, kapena ndingoika tepi yomata mbali zonse poti siidetsa manja komanso siinunkha. Ine maganizo anga ndi akuti musanafunse mtengo, musanafunse dzina la kampani, funsani kaye kuti chinthucho chimapirira kutentha kufika pati, chifukwa kuno chomwe chimagwetsa siling'i ndi dzuwa.

Tonse tikudziwa mmene kumakhalira mu Okutobala ndi Novembala mu tauni ya Tete, ku Moatize, ku Changara ndi chigwa chonse cha Zambezi, kudutsa madigiri 40 si nkhani yodabwitsa, ndipo amenewo ndi a pamthunzi. Tsono denga la galimoto ndi chitsulo chopyapyala chomwe chikuyang'ana dzuwa tsiku lonse, pofika masana chimatha kudutsa madigiri 70, ngati penti wake ndi wakuda nde kuposa pamenepo, simungaikepo dzanja. Guluu wamba wopopera, uja amamatira mapepala ndi makatoni, akafika cha mma 60 wayamba kale kufewa, ndipo sikuti amasiya tsiku limodzi ayi, amamasuka pang'onopang'ono, nsalu ikumukokera pansi ndi kulemera kwake, mabampu a msewu nawo akugwedeza, pakatha miyezi ingapo mungoona thumba pamwamba pa mpando wakumbuyo. A ku Angónia ndi ku Tsangano musadzinamize kuti kwanu kumazizira. Zoona Ulongwe ali pamtunda, mu Juni mumavala majuzi awiri, koma dzuwa la masana likamenya chitsulo chimatentha ndithu, komanso galimotoyo tsiku lina idzatsika ku Tete nkukaima padzuwa tsiku lonse inu muli mu ofesi kudikira mapepala.

Kenako yang'anani kuti siling'i yanu inagwira bwanji, chifukwa ambiri amathamangira kugula guluu asanadziwe zimenezi. Magalimoto ambiri a zaka za mma 1960 ndi 1970, monga 404, Beetle, ndi W123 yomwe inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1986, siling'i yake siimatidwa kudenga nkomwe. Nsaluyo kapena napa, chikopa cha pulasitiki chija cha pa mipando, ili ndi timatumba tosokedwa kumsana kwake, mtimatumbamo mumadutsa tizitsulo tokhota tomwe timakola uku ndi uku pamwamba pa zitseko, nde siling'i imangolendewera pa tizitsulopo itakokedwa bwino. Guluu amangopita mmphepete, pa mlomo wa chitsulo pamene pamakhala labala wa chitseko ndi pamene pamakhala magalasi akutsogolo ndi akumbuyo. Mukaona mizere yosokedwa yodutsa chopingasa kudenga, ndipo mukakankha ndi chala nsalu ikulowa mkati osagunda cholimba, ndi imeneyi.

Mtundu wina ndi wa bolodi, womwe unafala cha mma 1980 kubwera kuno. Pali bolodi lopepuka loumbidwa molingana ndi denga, pa bolodipo anamatapo nsalu yomwe ili ndi kasiponji kopyapyala kumsana, mamilimita 3 kapena kuposako pang'ono. Apa mvetserani bwino chifukwa ndi pamene ma meticais ambiri amatayikira: siling'i yotere ikagwa, kawirikawiri guluu alibe mlandu, ndi siponji ija yafumbwa. Kutentha ndi chinyezi zimaiwononga mpaka imasanduka ufa wofiirira womata mmanja. Mukapopera guluu pa ufa umenewo mwamata ufa basi, mawa lake yagwanso, olo guluuyo akhale wodula bwanji. Nsalu yakaleyo ndi yotaya, palibe kunyengerera.

Wachitatu ndi uja womata pa chitsulo penipeni, umapezeka mma pikapu ena ndi ma Land Rover amene eni ake anaikamo okha kapeti kapena nsalu yokhuthala. Uwu ndi umene umazunza guluu kuposa yonse poti palibe chotchinga pakati pa iye ndi denga lotentha.

Tibwere pa tepi. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amaikonda, kusenda nkumata basi, palibe kudikira, palibe mutu kupweteka. Koma tepi yomata mbali zonse imafuna malo osalala, olimba komanso oyera, uku ndi uku. Nsalu ndi siponji sizili choncho, tepi imangogwira nsonga za ulusi, nde ikatentha imaterereka. Ija ya kapeti ndi ija yopyapyala yogulitsa mmashopu a makope ndi zolembera, padzuwa lathu chomatira chake chimasanduka phala, chimasiya nsalu nkukutsalirani utomoni pa chitsulo woti muvutike nawo kuchotsa. Ndipo olo itagwira, mzere wake umaonekera, mumangoona timizere kudenga konse pomwe nsalu yagwira ndi pomwe yalendewera. Pakati pa denga, pomwe pali kulemera, tepi musaiganizire nkomwe.

Sikuti ilibe ntchito ayi. Pali tepi ya akiliki, yotuwa, yomwe amamatira mabaji ndi timapulasitiki ta mmbali mwa galimoto, yodziwika kwambiri ndi VHB ya 3M, a tesa nawonso ali nazo zawo. Imeneyi kutentha imapirira. Imathandiza pa siling'i ya tizitsulo, kugwiriziza mphepete pa mlomo wa chitseko pomwe labala adzabwera kudzapana pamwamba pake, ndipo pamenepo amene wagwira kwenikweni ndi labalayo, tepi ikungothandizira kuti nsalu isathawe mukamagwira ntchito. Sankhani yopyapyala, yokhuthala ipangitsa kuti labala akane kulowa. Imathandizanso kumata kapulasitiki ka pa nsanamira komwe kakilipi kake kanathyoka kalekale. Koma dziwani khalidwe lake, imafuna mupukute chitsulo ndi sipiriti, muitsindike mwamphamvu, ndipo mphamvu yake yonse imabwera pakatha maola 72, osati pompo. Mmawa wozizira wa ku Ulongwe kapena ku Furancungo, kukakhala pansi pa madigiri 10, siigwira, dikirani dzuwa likwere kaye.

Mawaya a nyale ya kudenga amangeni ndi tepi ya nsalu ya mawaya a galimoto, yakuda ya magetsi ija imamasuka ikatentha nkumasiya waya akugogoda denga ulendo wonse. Ndipo tepi ya pepala ya openta gulani yambiri, yotchingira penti komanso yolembapo manambala, muona kutsogoloku.

Guluu weniweni wa ntchito imeneyi ndi uja mmashopu a zitsulo amalemba kuti cola de contacto, wachikasu, wonunkha kwambiri, wopaka mbali zonse ziwiri. Ndi banja limodzi ndi wa osoka nsapato, amapangidwa ndi labala wa neoprene wosungunulidwa mmankhwala ouluka msanga. Koma mbanjamo muli osiyanasiyana. Tembenuzani chitini muwerenge kumbuyo, fufuzani pomwe alemba resistente ao calor kapena alta temperatura, ndipo pakhale nambala. Ine pansi pa madigiri 100 sinditenga, ndikapeza wa 110 kapena 120 ndi ameneyo. Chitini chikangoti ndi wamphamvu zedi koma osatchula kutentha, chibwezereni pa shelefu, olo wogulitsa alumbire bwanji. Onaninso deti pomwe alemba validade, chifukwa guluu wokhalitsa mu shopu yotentha amakhuthala, wina amalekana zamadzi pamwamba zolimba pansi, nde gwedezani chitini mumve ngati akuyenda. Mayina ngati Pattex, Bostik, Genkem ndi Alcolin ndi odziwika kuno kumwera kwa Africa, koma dzina lililonse lili ndi mitundu ingapo, wina wa matabwa wina wa pansi wina wa kutentha, chomwe chikuuzeni zoona ndi zolembedwa kumbuyo kuja.

Wa mtimabotolo topima pa msika, tosalemba kanthu, ngwabwino pa nsapato ndi pa chishalo cha njinga. Kudenga ayi, simudziwa kuti anathiramo chiyani kuti achuluke.

Wopopera nayenso alipo woyenera ndi wosayenera. Pa nsalu ya siponji wopopera ndi amene amafunika, chifukwa amagwa mwaulusiulusi pamwamba pa siponji osalowerera, pomwe wa burashi amanyowetsa, amaboola nkutulukira kumaso kwa nsalu, banga lake silichoka mpaka kalekale. Koma akhale wolembedwa kuti ndi wa siling'i ya galimoto kapena wa kutentha kwambiri. Mwachitsanzo a 3M ali ndi Super 77 wotchuka uja, ngwabwino pa zinthu zopepuka, koma eni ake omwe samulangiza pa siling'i ya galimoto, ali ndi wina wa nambala 38808 amene anamupangira ntchito imeneyo. Zitini zopopera sizikwera ndege mwachisawawa poti zimayaka, zimayenda pa msewu, nde mukasowa mu Tete tumani wina amene akupita ku Blantyre kudzera pa Zóbuè, kapena ku Lilongwe kudzera pa Calómuè ndi Dedza, kapenanso achimwene a mathiraki ochokera ku Johannesburg, mutawatumizira chithunzi cha chitinicho pa WhatsApp kuti asabwere ndi china. Pa galimoto yaing'ono ya zitseko zinayi konzani zitini ziwiri za mamililita 500, ikakhala yaitali kumbuyo zitatu, kuperewera theka la denga lili mmwamba nkowawa. Amene muli ndi kompuresa ndi mfuti yakale yopopera penti, guluu wa mchitini chachikulu amapoperekanso, ndi mmene amachitira okonza mipando ambiri, bola akhale wolembedwa kuti ngwopopera ndipo kabowo ka mfuti kakhale kakakulu.

Napa ili ndi nkhani yakeyake. Kuti ikhale yofewa amaikamo mafuta ena popanga, ndipo kukatentha mafutawo amatuluka pang'onopang'ono nkulowa mu guluu kapena mu tepi, guluu uja amayamba kunanda, osauma, kenako nkusiya. Napa yokhala ndi nsalu kumsana ilibe vuto kwenikweni chifukwa guluu amagwira nsaluyo. Yopanda kanthu kumsana, funani guluu wolembedwa kuti amagwira PVC kapena vinil.

Enawa ndingowadutsa msanga. Woyera wa akalipentala uja ngwamadzi, pa chitsulo sagwira ndipo amaitana dzimbiri. Supa guluu amauma gwa, amathyoka, nsalu ya thonje amaiwotcha. Wa kamfuti kotenthetsa uja, aaa, chinthu chomwe chimasungunuka ndi kutentha mukachiike pa denga la ku Tete? Silikoni amachedwa kuuma ndipo pomwe wakhudza penti sadzagwiranso bwino. Mapini ndi timabatani topotokola ndi zongodikirira mwezi uthe, zimang'amba nsalu.

Musanakhulupirire chitini chilichonse, yesani, sizidya ndalama. Tengani kachidutswa ka lata lopentedwa kapena ka chitseko chakale ku ofisina, matanipo kansalu komwe mudzagwiritse ntchito, mofanana ndi mmene mudzachitire kudenga, chisiyeni tsiku lathunthu pamthunzi chiume. Mawa lake chisanjikeni pa njerwa ziwiri padzuwa, chitsulo mmwamba nsalu pansi, mutamangirira kabawuti pa ngodya ya nsalu kuti kazikoka. Cha mma 2 koloko masana pitani mukasende chikadali chotentha. Ikang'ambika siponji guluu nkutsala pa chitsulo, ameneyo ngwabwino. Akatambasuka nsalu nkuchoka yonse mosavuta, musamuike mgalimoto. Muonanso pompo ngati akuboola nsalu kapena kudya siponji, bola kuonera pa kachidutswa kusiyana ndi pa mamita awiri omwe mwagula modula.

Tsopano ntchito yotopetsa yomwe aliyense amafuna kuidumpha. Chotsani kaye waya wa batire. Siling'i ikatsika yang'anani denga ndi tochi, magalimoto amenewa ambiri mkati mwa denga muli dzimbiri, lobwera ndi thukuta la chitsulo usiku wozizira kapena madzi olowa pa ngalande ya mmbali, pa bowo la eriyo, pa labala wa galasi. Thirani madzi pamwamba wina ali mkati akuyang'ana. Ngati pakudontha konzani kaye, siling'i yatsopano ikanyowa kamodzi banga lake ndi lamuyaya. Dzimbiri palani ndi burashi ya waya ndi sandipepa, pakani penti woteteza, mudikire masiku angapo aume zenizeni, chifukwa mankhwala a mu guluu amasungunula penti wosakhwima nkutsika naye limodzi. Guluu wakale wouma palani, wotsalira pukutani ndi thina pang'ono, petulo kapena dizilo ayi, zimasiya mafuta. Fumbi la kuno mukulidziwa, a ku Moatize ndi la malasha lomwe, nde pukutaninso komaliza pomwe mwatsala pang'ono kupaka.

Mukapeza chinsalu chokhuthala chaubweya chomatidwa kudenga, chotchinga kutentha ndi phokoso, nthawi zambiri ndi chimene chimagwa nkukhalira siling'i ya tizitsulo, inu nkumaganiza kuti siling'i yatha pomwe vuto ndi chimenecho. Chibwezereni kapena ikani chatsopano chopepuka, ndi guluu wanu wa kutentha uja, wa burashi, mbali zonse. Musachitaye nkusiya chitsulo chokha, kuno chimathandiza mutu wanu komanso siling'i yomwe ili pansi pake.

Kapakidwe ka guluu ameneyu ndi komwe ambiri amalakwitsa chifukwa cha phuma. Pakani wopyapyala mbali zonse ziwiri nkudikira. Zitini zambiri zimati mphindi 10 mpaka 15, koma mu kutentha kwa Tete nthawiyo imafupika, nde yesani ndi kumbuyo kwa chala, azimata koma asatsalire pa chala. Mukaphatikiza akadali wonyowa mankhwala aja amatsekeredwa mkati, dzuwa likamenya amatukusira matuza. Mukachedwa kwambiri sagwira, pakaninso wina pang'ono. Ndipo mbali ziwirizo zikangokhudzana zagwirana, palibe zoti ndisuntheko pang'ono.

Pa siling'i ya bolodi, tsitsani zotchingira dzuwa, zogwirira, nyale, mapulasitiki a nsanamira, bolodilo mulitulutse anthu awiri mipando mutaigoneka, osalipinda chifukwa likathyoka mzere wake suchoka. Sendani nsalu, palani ufa wonse ndi burashi yolimba ya pulasitiki mpaka dzanja lizibwera loyera. Nsalu yatsopano imabwera mulifupi pafupifupi mita ndi theka, dulani mosiya masentimita 10 mbali iliyonse. Yalani pa bolodi, pindani theka, poperani bolodi ndi siponji, mizere yopita uku kenako yopingasa, dikirani, nkuyamba kugoneka kuchokera pakati kupita mmphepete mnzanu atakweza nsonga mmwamba. Sisitani ndi chikhatho chonse, manja osamba, osadinikiza ndi nsonga za zala chifukwa siponji ikamira pa guluu siidzukanso, mudzakhala ndi timaenje kudenga moyo wonse wa galimotoyo. Mmalo olowa mkati monga pa zogwirira, yambirani pansi pa dzenjelo, musakoke nsalu kuidumphitsa, pamenepo ndi pamene imayambira kusiya. Mphepete pindirani kumsana kwa bolodi ngati yakale inali yopindira, kumeneko mutha kupaka wa burashi poti sikuonekera. Mabowo boolani pomaliza, aang'ono, mudzakulitsa poika.

Ena amafuna kuika kapulana, chitenje chija, kudenga, ndipo imakongola ndithu, ngakhale pa galimoto yomwe mukufuna ikhale mmene inatulukira ku fakitale ine sindingaike. Ngati mwaganiza choncho ichapeni kaye sitachi ichoke ndipo ifote ikadali panja, muisite, mumate siponji yopyapyala pa bolodi poyamba, kapulana pamwamba pake ndi wopopera wochepa kwambiri, chifukwa ndi yopyapyala, guluu akachuluka amatulukira.

Ya tizitsulo imafuna mtima wodekha, ndipo pali chinthu chomwe ambiri safuna kumva: kuti ituluke bwino magalasi akutsogolo ndi akumbuyo amayenera kuchoka, poti nsalu imapindira pa mlomo wa chitsulo kunsi kwa labala. Galasi la 404 simungalipeze pa kona, nde ngati labala wauma mduleni ndi mpeni galasi lituluke mosakakamiza, bola mukhale mutapeza kale labala watsopano musanadule. Tizitsulo tija sitofanana, lembani manambala pa tepi ya pepala kuyambira kutsogolo, mulembenso bowo lomwe kalikonse kanakola, mukasokoneza siling'i imakwinyika inu osadziwa chifukwa chake. Tipaleni dzimbiri, tipenteni. Masikuluwu a zotchingira dzuwa, a galasi loonera kumbuyo ndi a zogwirira abwezereni mmabowo mwake musanaphimbe, kuti mudzawamve ndi chala kuseri kwa nsalu nkucheka kabowo pomwepo, apo ayi mudzakhala mukubaya siling'i yatsopano kufufuza. Yesaninso nyale ngati ikuyaka, nkuchotsanso waya wa batire uja.

Napa yatsopano iyanikeni padzuwa kanthawi ifewe, apa pokha dzuwa lathu lili mbali yanu. Lowetsani tizitsulo, kolekani, lembani pakati pa nsalu ndi pakati pa denga ndi choko kuti zigwirizane. Guluu musayambe kaye. Tengani zopanira mapepala zakuda zija kapena mapegi a zovala ambirimbiri, kokani kutsogolo pakati, kumbuyo pakati, kenako mmbali, mukupana, mukubwerera kumasula nkukokanso, mpaka makwinya athe, izi zimatha kutenga mmawa wonse ndipo musadandaule nazo. Timatumba ta tizitsulo nthawi zambiri timafunika kuchekako kumapeto kuti nsalu ifike mmbali bwino, chekani pang'onopang'ono, mukapyola palibe kubweza. Zonse zikakhala mmalo mwake ndi pomwe mumasula kagawo kamodzi, kotalika chikhatho chimodzi kapena ziwiri, kupaka guluu ndi kaburashi pa mlomo wa chitsulo ndi pa nsalu, kudikira, kukoka, kumata, kupananso, nkupita kagawo kotsatira. Mmakona chekani timano kuti ipinde, osafika pomwe padzaonekere. Apa guluu amalowa wochepa, theka la lita limakwana nkutsala. Nsalu yotsalira dulani pomaliza penipeni, malabala atatsala pang'ono kulowa, ndipo galasi limabwerera ndi chingwe mu labala ndi madzi a sopo, wina akukankha kunja ndi chikhatho inu mukukoka chingwe mkati. Timakwinya totsalira pa napa timatha ndi chowumitsira tsitsi, cha patali, chikuyendayenda.

A Land Rover amene mukumata pa denga penipeni, denga lanu ndi la aluminiyamu, dzimbiri lofiira mulibe koma mumakhala kaufa koyera, kapaleni ndi sandipepa nkupukuta mpaka kansanza kazibwera koyera. Guluu wa burashi, mbali ya kapeti pakani kawiri poti imamwa, matani gawo ndi gawo mukutsindika ndi kamtengo kobulungira. Ndipo sankhani chopepuka, kapeti ya pabalaza ndi yolemera, idzatsika olo mutani.

Ngati ntchito mukupereka kwa wokonza mipando, mufunseni mwaulemu akuonetseni chitini chomwe agwiritse ntchito, kapena mugule nokha mumupatse. Mmisiri wabwino sakwiya nazo.

Nyengo yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti. Nthawi ya mvula, Disembala mpaka Malichi, chinyezi chimakhala pa guluu pomwe akuuma, amaoneka wotuwa ndipo sagwira bwino. Mu Okutobala wopopera amauma ali mmalere asanafike pa nsalu, ngati simungadikire yambani mbandakucha mumalize 9 koloko isanakwane. Pamthunzi nthawi zonse, denga lili lozizira, malo opita mphepo koma osati ya fumbi, wazani madzi pansi. Fungo lija si lamasewera, limazunguza mutu ndipo limayaka, nde mbaula kutali, fodya ayi, wowotcherera zitsulo asakhale pafupi, zitseko zonse zotsegula, ana asabwere kudzaonerera. Kamasiki ka nsalu sikatchinga mpweya umenewu, kothandiza ndi ka openta kokhala ndi zosefera mmbali.

Mukamaliza galimoto isatuluke padzuwa tsiku lomwelo. Isiyeni pamthunzi masiku awiri, magalasi a zitseko otsitsa pang'ono, guluu akhwime, mapegi achotseni mawa lake. Guluu amene wadontha pa napa msiyeni aume kaye nkumufikisa ndi chala, amabulungika nkuchoka, thina pa napa kapena pa penti wakunja amasiya chipsera. Sabata yoyamba musamathamange magalasi onse ali otsegula, mphepo yolowa imakoka siling'i, ndipo ngodya ina ikayamba kudzuka ikonzeni tsiku lomwelo ndi kaburashi isanakoke malo ena.